Ulendo wanga wa ku Vienna pofufuza za Heinrich Lammasch, ndi zimene ndikadakonda kudziwa ndisananyamuke

Ndikulemba izi poganizira anzanga amene akuphunzira malamulo kapena mbiri yakale, ndipo ali ndi maganizo osonkhanitsa ndalama kuti akafufuze zikalata zakale m'maiko a ku Ulaya. Ine ndinachita zimenezi kumayambiriro kwa chaka cha 2024, pamene ndinapita ku Vienna, likulu la dziko la Austria, kukatsata moyo wa Heinrich Lammasch, pulofesa wa malamulo yemwe adakhalanso nduna yaikulu yomaliza ya Austria ya nthawi ya mafumu. Ulendowo unandisiyira ngongole imene ndikubwezabe, ndipo gawo lalikulu la zimene ndinkafuna likadapezeka ndili pakhomo pomwe.

Kwathu ndi ku Nkhotakota, kumene mwana aliyense amakula akumva za Jumbe ndi zombo zake zimene zinkaolotsa akapolo panyanja, kuti kutsidyako akayambe ulendo wapansi wopita ku Kilwa. Nditayamba digiri yachiwiri ya malamulo a pakati pa maiko, ndinkafunitsitsa kudziwa ngati panali bwalo lililonse la nthawi imeneyo limene lidaweruzapo nkhani yokhudza malonda amenewa. Ndipamene ndinakumana ndi mlandu wa zombo za ku Muscat, likulu la dziko la Oman, umene udaweruzidwa ku The Hague, ku Netherlands, m'chaka cha 1905. Eni zombo ena a ku Oman, makamaka a mumzinda wa Sur, ankalandira zikalata ndi mbendera ya France, ndipo chombo chokhala ndi mbendera imeneyo sichinkaimitsidwa ndi kufufuzidwa ndi sitima zankhondo za Britain zimene zinkasaka onyamula akapolo kugombe la kummawa kwa Africa. Britain idadandaula kuti mchitidwewu ukupeputsa ulamuliro wa Sultan wa ku Muscat, pomwe Britain ndi France adalonjezana mu 1862 kuti adzalemekeza ufulu wake. Mu 1904 adagwirizana zotengera nkhaniyi kwa oweruza atatu. Britain idasankha Melville Fuller, mkulu wa oweruza ku United States, France idasankha A. F. de Savornin Lohman wa ku Netherlands, ndipo wapampando, yemwe adasankhidwa ndi mfumu ya Italy, adali Lammasch.

Chigamulo chidaperekedwa pa 8 Ogasiti 1905. Oweruzawo adati France inali ndi ufulu wopereka mbendera yake kwa anthu a Sultan mpaka pa 2 Januwale 1892, tsiku limene idavomereza pangano la ku Brussels la 1890 lothana ndi malonda a akapolo, koma kuyambira pamenepo ikadapereka kwa okhawo amene adali kale pansi pa chitetezo chake chisanafike chaka cha 1863. Adawonjezera kuti chilolezo cha mbenderayo sichingasamutsidwe kupita kwa munthu wina kapena ku chombo china. Nditawerenga zimenezi ndinadzifunsa kuti munthu wa ku dziko lakutali chotere, losakhudzidwa ndi malonda a m'nyanja ya Indian Ocean, ankaganiza chiyani za anthu amene ankanyamulidwa m'zombozo. Ndinatsimikiza mumtima kuti wapampando wa bwalo sangalephere kusiya zolemba zake, ndipo kuti zolembazo zili ku Vienna.

Aphunzitsi amene ankayang'anira kafukufuku wanga anandifunsa kuti, "Kodi mwawalembera kale anthu osunga zikalata kumeneko?" Ndinali nditalemba ndithu, koma kalata yanga inangofunsa ngati ali ndi zikalata zokhudza Lammasch, ndipo yankho laulemu limene ndinalandira linati zilipo, n'kundilozera ku mndandanda wawo wa pa intaneti. Funso lotere limayankhidwa kuti inde kulikonse kumene munthu wotchuka adagwirako ntchito. Amene mukukonza ulendo wotere, tchulani mlandu weniweniwo ndi zaka zake, pemphani nambala ya bokosi limene muli zikalatazo, funsani kuti zili m'chilankhulo chanji, ngati zidalembedwa pamanja kapena pa makina, ndiponso ngati angakujambulireni masamba angapo ndi mtengo wake. Masamba asanu okha ojambulidwa akadandiuza zonse zimene ndinakaziphunzira mowawa nditafika.

Bajeti yanga ndinaikonza mu Sepitembala 2023, ndipo thandizo lochepa limene ndinapeza linali m'makwacha. Mu Novembala chaka chomwecho mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, moti dola imene inkagulidwa pafupifupi K1,180 kubanki inafika pa K1,700. M'mawa umodzi wokha ndalama zimene zikadakwanira tikiti ya ndege, nyumba ndi chakudya zinangotsala zokwanira tikiti ndi kachigawo ka lendi. Ngakhale kwacha imene ndinali nayo sinkasinthika msanga, chifukwa ndalama zakunja zinkasowa, ndipo kubanki ankandiuza kuti ndidikire. Mkazi wanga anatenga ngongole ku banki mkhonde, amalume anagulitsa mpunga umene ankasungira kuti adzagulitse mitengo ikakwera. Pondipatsa ndalamazo anandifunsa kuti, "Mphwanga, kodi mzungu ameneyu ankawadziwa anthu a kwathu kuno?" Ndinawayankha kuti ndikupita kukaona zomwezo. Wolandira thandizo la maphunziro m'makwacha pa ulendo wakunja apemphe kuti tikiti ndi nyumba zilipiridwe nthawi yomweyo, kapena kuti mgwirizano ulembedwe m'ndalama zakunja, chifukwa miyezi iwiri yodikira ikhoza kumeza theka la ulendo.

Nkhani ya viza inandichedwetsanso. Austria ilibe ofesi ya kazembe ku Lilongwe, choncho chinthu choyamba ndi kufufuza ofesi imene ikulandira mapempho a Amalawi pa nthawiyo, osadalira zimene mnzanu adachita zaka zapitazo. Kwa wokhala masiku osapitirira 90 imafunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, imene pa nthawiyo inali mayuro 80 ndipo idakwera kufika pa mayuro 90 mu Juni 2024. Pamafunikanso inshulansi ya chipatala yofika mayuro 30,000, umboni wa malo ogona, sitetimenti ya kubanki ndi kalata yonena chimene mukukachita. Pempho langa linabwezedwa chifukwa kalata ya kusukulu inkangonena kuti ndine wophunzira, osatchula malo amene ndikukafufuzako ndi masiku ake, ndipo pokonza zimenezi ndinataya tsiku la ndege n'kulipira chindapusa chosinthira tikiti. Malamulo amalola kupereka pempho kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo ngakhale yankho limayenera kubwera m'masiku 15, nthawiyo imatha kutalikitsidwa mpaka masiku 45. Musagule tikiti yosasinthika viza isanatuluke.

Ndinafika ku Vienna kudzera ku Addis Ababa m'nyengo yozizira kwambiri, pamene mdima umagwa isanakwane 5 koloko madzulo. Lamulo la kumeneko limafuna kuti wokhala m'nyumba ya lendi akalembetse ku boma pasanathe masiku atatu, pa fomu yotchedwa Meldezettel imene mwini nyumba amasainanso. Sitolo zambiri sizitsegula Lamulungu, zimene munthu wofika Loweruka usiku ayenera kuzidziwa. Kachipinda kanga ndinkalipira pafupifupi mayuro 500 pamwezi, ndipo tikiti ya mwezi wonse yoyendera basi ndi sitima za mumzinda inali mayuro 51. Zimenezi zinali zopiririka.

Chimene chinandifooketsa chinali bokosi loyamba la zikalata. Zolemba za unduna woona za maiko akunja wa nthawi ya mafumu zimasungidwa ku Haus-, Hof- und Staatsarchiv, pa bwalo la Minoritenplatz pakati pa mzinda, pomwe zina zambiri za boma zili ku nyumba yaikulu ya ku Erdberg. Mabokosi amaitanitsidwa pasadakhale, ndipo munthu amadikira kuti awatulutse. Langa litabwera ndinatsegula ndi manja onjenjemera, koma sindinathe kuwerenga ngakhale mzere umodzi. Ndinali nditaphunzira Chijeremani cha oyamba kumene kwa miyezi ingapo, ndipo ndinkadziwa kuti mabuku akale adasindikizidwa m'zilembo zokhotakhota zotchedwa Fraktur, zimene diso limazolowera pakapita sabata. Palibe amene anandiuza za Kurrent, kalembedwe ka pamanja kamene akalaliki a boma ankagwiritsa ntchito nthawi imeneyo, momwe e amaoneka ngati n, h amatsikira pansi pa mzere, ndipo s ali ndi maonekedwe osiyana malinga ndi malo ake m'mawu. Makalata ena a akazembe adali m'Chifalansa, chimenenso ndinkachidziwa pang'ono pokha. Ndinakhala pa tebulo lija tsiku lonse ndikutembenuza masamba kuti anthu asaone kuti ndasowa chochita, ndipo madzulo ake ndinalephera kuimbira foni kunyumba.

Masabata otsatira ndinkaphunzira Kurrent usiku, masana n'kumalimbana ndi masamba awiri kapena atatu. Pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Transkribus, imene idayambira ku yunivesite ya Innsbruck, imathandiza kumasulira zolemba zapamanja zoterezi kukhala zilembo za masiku ano, koma imalakwitsa maina ndi mawu ofupikitsidwa, ndipo wosadziwa bwino chilankhulocho sangazindikire pamene yalakwitsa. Ndinalipira wophunzira wina wa mbiri yakale kuti azikhala nane maola angapo pasabata, ndalama imene sinali mu bajeti ndipo inachokera pa chakudya changa. Zonsezi zikadatheka ndili ku Malawi, chifukwa zitsanzo za Kurrent ndi maphunziro ake zili pa intaneti mwaulere. Wofuna kugwira zikalata za ku Austria kapena Germany zolembedwa nkhondo yachiwiri isanachitike ayambe kuphunzira kalembedweka chaka chathunthu asananyamuke.

Nditayamba kuwerenga pang'onopang'ono, ndinaona kuti zimene ndikupeza zikunena za Lammasch monga mlangizi wa nthumwi za Austria-Hungary ku misonkhano ya mtendere ya ku The Hague ya 1899 ndi 1907. Za zombo za ku Muscat sindinapeze chimene ndinadzera. Mayi wina wogwira ntchito m'chipinda chowerengera, ataona nkhope yanga, anandifunsa chimene ndikufuna kwenikweni, ndipo nditafotokoza anandiuza modekha kuti, "Bambo, pa mlandu umenewo dziko lathu silidali mbali. Pulofesayo adakhala pampando ngati woweruza payekha, choncho makalata ambiri ali ndi maiko amene ankatsutsanawo." Anandikumbutsa kuti nkhani za ku Muscat a Britain ankaziyendetsa kudzera ku boma lawo la ku India, motero zikalata zake zili m'gulu la India Office Records ku British Library ku London, ndipo zambiri zokhudza maiko a ku Gulf zidajambulidwa n'kuikidwa pa Qatar Digital Library, pomwe aliyense angawerenge osalipira. Usiku umenewo ndinatsegula kompyuta m'kachipinda kanga ndipo ndinapeza mafaelo a mlanduwo m'Chingerezi, makalata a akuluakulu a Britain okhala ku Muscat, ndi nkhani za eni zombo amene ankanyamula mbendera ya France. Ndinaganiza za mpunga wa amalume ndi ngongole ya mkazi wanga, ndipo ndinalira.

Ndinkafuna kubwerera sabata yomweyo, koma kusintha tikiti kunali kokwera mtengo kuposa lendi imene ndinali nditalipira kale. Aphunzitsi anga, nditawaimbira, sanandidzudzule. Anati, "Zikalata za mlandu muziwerenga mukabwera. Pakali pano muli mumzinda wa munthuyo, ndiye mufufuze kuti anali munthu wotani ndipo ankakhulupirira chiyani pa nkhani ya malamulo." Apa ndi pamene ntchito yanga inatembenukira. Laibulale yaikulu ya dziko la Austria ili ndi malo awiri a pa intaneti, ANNO ya manyuzipepala akale ndi ALEX ya malamulo ndi zokambirana za ku nyumba ya malamulo, onse aulere, ndipo ndi thandizo la wophunzira uja ndinayamba kutsata moyo wa Lammasch chaka ndi chaka.

Adabadwa mu 1853 ku Seitenstetten, adaphunzira malamulo ku Vienna, adakhala pulofesa ku Innsbruck mu 1885, ndipo mu 1889 adabwerera kukaphunzitsa ku yunivesite ya Vienna. Poyamba ankadziwika pa malamulo a milandu ya upandu ndi pa nkhani yobweza othawa milandu ku maiko kwawo, ndipo kuchokera pamenepo adalowa m'malamulo a pakati pa maiko. Mu 1899 adalowa m'nyumba yapamwamba ya malamulo yotchedwa Herrenhaus. Mlandu wa ku Muscat sudali wake womaliza, chifukwa mu 1910 adakhalanso wapampando pa mkangano wa Britain ndi United States wokhudza usodzi kugombe la Newfoundland, komanso pa mlandu wa kampani ya sitima ya Orinoco pakati pa United States ndi Venezuela. Maiko amphamvu ankamukhulupirira kuti aweruze nkhani zawo, ndipo iye ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti mkangano wa maiko ukhoza kuthetsedwa ndi oweruza m'malo mwa mfuti.

Gawo limene linandigwira mtima ndi la nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1917 ndi 1918 Lammasch adaimirira mu Herrenhaus kupempha mtendere wa kumvana, wopanda kulanda maiko a ena, pa nthawi imene anzake ambiri ankayembekezabe kupambana pamodzi ndi Germany, ndipo adanyozedwa m'nyumbamo ndi m'manyuzipepala. Kumayambiriro kwa 1918 adakumana ku Switzerland ndi George Herron, Mmereka amene ankalumikizana ndi boma la Woodrow Wilson, pulezidenti wa United States, pofuna njira yotulutsira Austria mu nkhondo, koma sizidaphule kanthu. Mfumu Karl idamuika kukhala nduna yaikulu kumapeto kwa Okutobala 1918, ngati kuitana sing'anga wodwala atayamba kale kutsirizika. Mitundu ya mu ufumuwo inali ikudzipatula, ndipo patangopita masiku ochepa ku Vienna komweko kudakhazikitsidwa boma lina lotsogozedwa ndi Karl Renner. Nduna za Lammasch, zomwe zina zidali Josef Redlich wa zachuma ndi wansembe Ignaz Seipel, zidagwira ntchito pafupifupi masabata awiri okha, ndipo ntchitoyo idali yopereka maofesi mwamtendere kwa olamulira atsopano. Pa 11 Novembala 1918, ku nyumba yachifumu ya Schönbrunn, mfumuyo idasaina chikalata chosiya kutenga mbali pa zochitika za boma, Lammasch ali mmodzi mwa amene adaikakamiza kutero, ndipo tsiku lotsatira dzikolo lidalengezedwa kukhala lopanda mfumu. Mu 1919 Lammasch adapita ndi nthumwi za Austria ku zokambirana za mtendere za ku Saint-Germain, ku France, kumene ankalimbikitsa kuti dziko laling'ono lotsalalo liime palokha osalowerera mbali iliyonse, pamene ambiri ankafuna kuphatikana ndi Germany. Adamwalira ku Salzburg pa 6 Januwale 1920. Mfundo yake yosalowerera mbali idadzakhala lamulo la Austria pa 26 Okutobala 1955.

Ndimamulemekeza munthu ameneyu, ndipo sindikuona chifukwa chobisira. Kulankhula za mtendere pakati pa anthu oledzera ndi nkhondo kumafuna mtima wolimba, ndipo kuvomera udindo umene ukudziwa kuti ndi wotsekera chitseko, n'cholinga choti magazi asakhetsedwe m'misewu, ndi ntchito imene andale ambiri angaithawe. Komabe kudziwa moyo wake kunandithandizanso kuona malire a chigamulo cha 1905. Bwalo lake lidali la maboma, lomva madandaulo a maboma, ndipo funso limene lidapatsidwa linali la mbendera ndi ulamuliro wa Sultan. Malonda a akapolo adatchulidwa monga chifukwa chomangira France ku pangano la ku Brussels, ndipo poletsa kusamutsa zilolezo oweruzawo adachititsa kuti zombo zobisala pansi pa mbenderayo zizichepa eni ake akamamwalira. Zimenezi zidali zothandiza ndithu. Koma munthu wogwidwa m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja yathu, n'kugulitsidwa kugombe, sadaitanidwe kudzanena mawu, ndipo dongosolo la bwalolo lidalibe khomo loti iye alowerepo. Mfundo imeneyi ndi imene inadzakhala msana wa kafukufuku wanga, ndipo sindikadaifikira ndikadangowerenga mafaelo a ku London okha. Ngakhale zili choncho, manyuzipepala ndi zokambirana za ku nyumba ya malamulo zimene zinandifikitsa pamenepo zili pa intaneti, ndipo chimene Vienna inandipatsa chosapezeka kwina ndi anthu awiri aja, mayi wa m'chipinda chowerengera ndi wophunzira amene ankawerenga nane.

Ndinabwerera ndalama zitatheratu, ndipo ndikaphatikiza tikiti, chindapusa chosinthira tsiku, viza, inshulansi, lendi, chakudya ndi malipiro a wondithandiza kuwerenga, ulendowo unadya ndalama zoposa mayuro 3,000. Chifukwa chosintha funso la kafukufuku ndinayenera kupemphanso chilolezo kusukulu, ndipo ndinamaliza mochedwa ndi chaka chathunthu, chimene ndinalipiranso fizi. Amalume ndinawauza zoona, kuti sindinapeze umboni woti pulofesayo ankadziwa za Nkhotakota, ndipo anangoti mpunga ndidzabweza ndikayamba kulandira bwino.

Amene akufuna kupitiriza pamene ndinalekera ayambe ndi chigamulo chenichenicho, chimene chili pa tsamba la Permanent Court of Arbitration, bwalo la ku The Hague lija, ndi m'mabuku a zigamulo ofalitsidwa ndi United Nations, kenako mafaelo a pa Qatar Digital Library, ndipo akafuna mbali ya France adziwe kuti zikalata za akazembe ake zimasungidwa ku La Courneuve ndi ku Nantes. Mbali ya anthu a kwathu, imene sinalembedwe m'malikulu amenewa, ndikuifufuza tsopano ku nyumba yosungira zikalata zakale ku Zomba ndi kwa akuluakulu a m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo ulendo wa ku Zanzibar ndaukonza kuti udzachitike ngongole ya banki mkhonde ikatha, nditalandiratu nambala za mabokosi ndi masamba ojambulidwa.